Montana, alpina, armandii kapena cirrhosa: clematis uti woyenera mpanda wanu kuno ku Britain?

Mwezi wa Meyi ukafika kuno ku Yorkshire, simungayende msewu wonse osaona nyumba imodzi imene galaja lake kapena mpanda wake wakutidwa ndi maluwa a pinki, njerwa osaoneka n'komwe. Ameneyo ndi clematis, mbewu yoyanga ya maluwa, wa mtundu wa montana. Ambiri a ife tinamudziwira pawindo la basi tikuchokera ku shifiti ya usiku, ndipo Loweruka lotsatira tinali kale kogulitsa mbande kukamufunafuna. Ine ndinatero mu 2017. Kuchokera pamenepo, pakhomo panga pamera mitundu isanu ya clematis wochita maluwa msanga, ndipo wina ndimamuonera kwa mlamu wanga ku Bristol. Abale a kutchalitchi amene angopeza kumene nyumba zokhala ndi gadeni akhala akundifunsa kuti agule uti. Yankho la pakhomo la tchalitchi limakhala lothamanga, choncho ndati ndiwaike onse pamodzi kuti muwaone bwino.

Ndinene kaye komwe ndaima. Kwa ambiri a ife amene tikukhala m'nyumba zogundizana, zokhala ndi kabwalo kakang'ono kuseri ndi mpanda wa matabwa wa mamita 1.8, clematis woyenera ndi alpina kapena m'bale wake macropetala. Montana, amene amatikopa tonse, ndi wa anthu a malo aakulu. Armandii ndi cirrhosa ndi a amene ali ndi khoma lofunda. Nkhani yagona pa khoma limene muli nalo, osati pa chithunzi cha pa kakhadi kamene amamangirira ku mbande.

Mitundu yonseyi ili ndi khalidwe limodzi: imachita maluwa pa nthambi zimene zinakula chaka chatha. N'chifukwa chake pa kakhadi paja pamalembedwa kuti Group 1. Mukaidulira mu Febuluwale, monga amachitira ndi clematis wa maluwa a mu Julayi ndi Ogasiti, mwataya maluwa a chaka chimenecho. Nthawi yodulira ndi pamene maluwa angoyoyoka kumene, ndipo ngati sanapyole malire amene munamuikira, mukhoza osamukhudza n'komwe. Chinanso, clematis sagwira njerwa yekha ngati ivy, chomera choyanga chija chimene chimamatirira pakhoma, ndipo alibe timanja topotana ngati ta maungu kapena magalagadeya. Amakwera pokulunga kachingwe kamene kamalumikiza tsamba ku nthambi pa chinthu chowonda. Thabwa lonenepa sangaligwire. Amafuna waya, ukonde kapena timitengo tosaposa pensulo kunenepa kwake.

Ife ochokera kummwera kwa Africa dzuwa la kuno limatisokoneza. Kwathu mu Juni ndi Julayi limadutsira chakumpoto, ndipo mbali ya nyumba yoyang'ana kumpoto ndi imene timaothera. Kuno ndi mosemphana: masana dzuwa limakhala chakummwera chaka chonse. Khoma loyang'ana kummwera ndi lofunda ndi louma, loyang'ana kumpoto ndi lamthunzi. Loyang'ana kum'mawa lili ndi vuto lakelake, chifukwa dzuwa la m'mamawa likamenya mphukira zimene zagwidwa ndi chisanu usiku, zimasungunuka mofulumira n'kupsa. Musanapite kukagula, tsegulani kampasi ya pafoni yanu, imani chofulatira khomalo, muone kumene mwayang'ana. Panyumba panga kumaso ndi kummwera, kuseri ndi kumpoto, ndipo zimenezi ndizo zalamula chilichonse chimene chamera bwino ndi chimene chakana.

Tiyambe ndi montana poti ndiye amene aliyense amamufuna. Kwawo ndi kumapiri a Himalaya mpaka ku China. Anafika ku Britain mu 1831 kudzera mwa Lady Amherst, amene amuna awo anakhalapo bwanamkubwa wa Britain ku India, ndipo woyambayo anali woyera. Wa pinki, wotchedwa rubens, anabwera naye Ernest Wilson kuchokera ku China mu 1900. Pa kuchuluka kwa maluwa palibe womuposa. Duwa lililonse ndi laling'ono, la timasamba tinayi, kukula kwake masentimita 5 mpaka 7, koma amatseguka miyandamiyanda nthawi imodzi mpaka masamba obiriwira kusowa. 'Elizabeth' ndi 'Mayleen' amanunkhira ngati vanila, makamaka masana kukafunda, ndipo fungolo linkalowa mpaka m'khitchini mwanga. Woyera wotchedwa grandiflora alibe fungo lochuluka koma ndi wolimba ndipo amalolera khoma lamthunzi. Wilsonii amachedwerako, amatsegula mu Juni, ndipo ambiri amati fungo lake ndi la chokoleti.

Vuto la montana ndi msinkhu. Pamalo pomukomera amafika mamita 8, ena mpaka 12. Wanga anali 'Elizabeth', ndipo ndinamubzala pampanda wa matabwa umene timagawana ndi aneba. Zaka ziwiri zoyamba anali wofatsa. Chaka chachitatu anafika pamwamba pa mpanda, n'kupeza kuti kulibenso kokwera, ndiye anayamba kudzikwera yekha. Nthambi zatsopano zinkakulunga zakale, zakale zinkauma mkati, ndipo pofika chaka chachisanu pamwamba pa mpanda panali chimtolo chachikulu ngati matiresi opindidwa, tsinde lake pansi ngati mpini wa tsache. Mu Febuluwale 2022 kunabwera anamondwe atatu m'sabata imodzi, Dudley, Eunice ndi Franklin. Chimtolo chija chinagwira mphepo ngati thanga la ngalawa, ndipo zigawo zitatu za mpanda zinagwera kwa aneba, pamwamba pa maluwa awo. Mayi ake a pamenepo ndi achikulire komanso aulemu, sananene mawu oipa, koma zinandipweteka kuona zimene anasamala zaka zambiri zitaphwanyika chifukwa cha mbewu yanga. Ndinalipira mpanda, montana ndinamuzula.

Sindimuda ayi. Mbewu ya kumapiri imene chibadwa chake ndi kukwera mitengo ikuluikulu singakhale mwamtendere pa thabwa la mamita 1.8. Ngati muli ndi khoma lalitali la miyala, galaja la njerwa limene mukufuna kulibisa, kapena mtengo wakale wolimba, montana ndi wanu ndipo mudzasangalala naye. Koma dziwani zimene mukulowa. Maluwa amakhala milungu itatu kapena inayi basi. Kenako ndi masamba mpaka Okutobala, ndipo nyengo yonse yozizira mukuyang'ana nthambi zouma zopiringizana. Mu Juni uliwonse mukwera makwerero ndi sizasi kuti asalowe m'mipope ya madzi a padenga ndi pansi pa matailosi. Chisanu chochedwa cha kumapeto kwa Epulo chikhoza kuwotcha mphukira zonse usiku umodzi. Sakondanso nthaka ya lowe. Nthawi zina chisanu chikang'amba khungwa, tsinde limatulutsa madzi a thovu onunkha ndipo mbali yonse ya pamwamba imafota; pamenepo mumadula pansi pa balalo n'kudikira kuti aphukenso. Ogulitsa amati 'Freda' ndi 'Broughton Star' ndi aafupi. N'zoona poyerekeza ndi anzawo, koma amafikabe mamita 5 kapena 6, komwe ndi katatu kutalika kwa mpanda wanu.

Tsopano alpina. Monga dzina lake likunenera, kwawo ndi kumapiri a Alps ndi mapiri ena a ku Ulaya. Amalekezera pa mamita 2 mpaka 3, nthambi zake ndi zowonda ngati ulusi wa juzi, ndipo mtolo wake wonse mukhoza kuunyamula ndi dzanja limodzi. Amatsogola montana ndi milungu ingapo: kuno amayamba pakati pa Epulo, kummwera kwa England amafulumirako. Duwa lake limalendewera chozondoka ngati kabelu, timasamba tinayi tosongoka ta buluu, mkati muli kangayaye koyera. 'Frances Rivis' ali ndi timasamba tatitali topotoka pang'ono, ndipo kamphepo kakadutsa mbewu yonse imagwedera. 'Pamela Jackman' buluu wake ndi wakuya. 'Helsingborg' ndi wa pepo. 'Willy' ndi pinki wotuwa, 'Constance' pinki wofiirira.

Chimene chinandigwira mtima pa alpina si kukongola kokha koma malo amene anavomera. Khoma langa la kuseri silionana ndi dzuwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo mphepo yochokera kumapiri a Pennines imaliwomba mosalekeza. Ndinabzalapo 'Frances Rivis' mu 2018 ndipo sanaphonyepo chaka. Bungwe la Royal Horticultural Society lili ndi muyeso wa mmene mbewu imapiririra kuzizira, ndipo alpina ali pa H6, kutanthauza kuti amapirira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro. Armandii ndi cirrhosa ali pa H4, pamene malire ake ndi madigiri 10 pansi pa ziro. Abale a ku Glasgow, Newcastle ndi Aberdeen, kusiyana kumeneku si kwa papepala. Ndiko kumanena ngati mu Epulo mudzakhale ndi maluwa kapena dzenje.

Maluwa akayoyoka amasiya timipira ta ubweya wa siliva tonyezimira, timene timakhala mpaka nyengo yozizira. Nthawi yoyamba kutiona ndinaima kaye, chifukwa ndinatizindikira. Kwathu m'mphepete mwa nkhalango za kumapiri mumamera clematis wakutchire, Clematis brachiata ndi Clematis simensis, wa timaluwa toyera, ndipo mvula ikatha amakuta zitsamba ndi ndevu zoyera zomwezi. Ndinakula ndikuziona osadziwa kuti ndi banja limodzi ndi maluwa amene anthu kuno amagula ndi ndalama.

Alpina ali ndi zofooka zake, ndipo ndizinene zonse. Sanunkhira. Saonekera patali; munthu wodutsa pamsewu sadzaima kuti ajambule. Maluwa ake amayang'ana pansi, ndiye amakoma mukakhala naye pafupi, pambali pa chitseko kapena pamene mumakhala ndi kapu ya tiyi. Chachikulu ndi mizu. Ndi yopyapyala ngati tsitsi, ndipo ikakhala m'madzi nyengo yozizira imaola. Dothi la kuno kwathu ku Yorkshire ndi la makande, lomata ngati la kudambo. Ndinakumba dzenje lotambalala, ndinasakaniza dothilo ndi timiyala ndi manyowa owolerana bwino, ndipo ndinakweza pobzalapo pang'ono ngati kamzere ka mbatata. Sakondanso kusamutsidwa, choncho ganizani kamodzi, mubzale kamodzi.

Macropetala ndi m'bale wake weniweni, moti pa makadi ena onse awiri amangolembedwa kuti Atragene Group. Kwawo ndi kumpoto kwa China, Mongolia ndi Siberia, ndiye kuzizira sakuopa. Kusiyana kwake ndi duwa. Kangayaye ka mkati kaja mwa macropetala n'kotalika kufanana ndi timasamba takunja, moti duwa limaoneka lodzaza, ngati siketi ya zigawo zambiri. Amatsegula pambuyo pang'ono pa alpina ndipo amatalikirapo pang'ono. 'Markham's Pink' ndi wakale koma palibe wamulanda malo. Anatuluka m'zaka za m'ma 1930 m'manja mwa Ernest Markham, amene ankayang'anira gadeni ya William Robinson ku Gravetye Manor, ku Sussex. 'Wesselton' ndi 'Lagoon' ndi a buluu. 'Jan Lindmark' ndi wa pepo wotuwa ndipo amafulumira kuposa anzake.

Pampanda watsopano uja ndinabzala 'Markham's Pink' ndi 'Wesselton' motalikirana mamita awiri. Anakumana pakati chaka chachitatu, ndipo pinki ndi buluu zimasakanikirana bwino kwambiri. Mukandifunsa pakati pa alpina ndi macropetala, ndinganene kuti pampanda pamene mumayang'ana muli m'nyumba, tengani macropetala chifukwa duwa lodzaza limaonekera patali pang'ono. Ngati mukufuna kuti ayange m'chitsamba kapena m'kamtengo kakang'ono, tengani alpina. Kuphweka kwa duwa lake kumakoma pakati pa masamba a mbewu ina, ndipo sangaipanikize. Ntchito ya onse awiri pachaka ndi yochepa. Kumapeto kwa Meyi ndimachotsa zouma, ndimalozera nthambi zatsopano ku waya, basi. Zodulidwazo sizidzaza ndi ndowa yomwe. Za montana zinkadzaza bini ya khonsolo kawiri.

Armandii ndi nkhani ina. Sagwetsa masamba, ndipo pamenepo ndi pamene pagona mphamvu yake. Masamba ake ndi aatali, olimba, onyezimira, atatuatatu, ndipo aliyense wa kwathu akawaona amakumbuka mango. Ngakhale ongophuka kumene amakhala ofiirira ngati masamba anthete a mango. Kwawo ndi ku China, anabweranso ndi Wilson mu 1900, ndipo dzina lake ndi lokumbukira Armand David, wansembe wa ku France amene anadziwitsa azungu za panda mu 1869. Maluwa amabwera mu Malichi ndi Epulo, m'magulumagulu, oyera, ndipo fungo lake ndi lamphamvu moti kwa mlamu wanga timalimva tisanatsegule geti. 'Snowdrift' ndi woyera mbee. 'Apple Blossom' mphukira zake ndi za pinki, zikatseguka zimayera pang'onopang'ono.

Mlamu anamubzala chifukwa mawindo a nyumba ya kuseri kwawo amayang'ana pabwalo pawo, ndipo ankafuna chotchinga cha chaka chonse. Pa ntchito imeneyo armandii amaposa onse amene ndatchula. Koma Bristol ndi kummwera chakumadzulo, kofunda, ndipo khoma lawo layang'ana kumadzulo pamalo obisika ku mphepo. Ngakhale kumeneko, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mphepo yozizira imawotcha nsonga za masamba. Tsamba likafa siligwa, limangouma n'kukhala lofiirira lili pomwepo, ndipo muyenera kuchotsa limodzilimodzi ndi sizasi, apo ayi mbewu yonse imaoneka yodwala. Amakula mamita 5 kapena kuposa, ndipo poti masamba ndi olemera, amafuna mawaya olimba okhomedwa pakhoma, osati kaukonde ka pulasitiki. Akamakula pansi pamayera, masamba onse kuthawira kumwamba. Kumudula kwambiri nthawi imodzi sakonda. Ndi bwino kumachepetsa pang'ono chaka chilichonse maluwa akangotha. Kuno kumpoto sindinamuyese dala, chifukwa khoma lofunda ndili nalo limodzi lokha ndipo ndinalipereka kwa cirrhosa.

Cirrhosa ndi amene amafulumira kuposa onse, moti kunena zoona si wa kumayambiriro kwa chaka koma wa pakati pa nyengo yozizira. Kwawo ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kuphatikizapo kumpoto kwa Africa. Naye sagwetsa masamba m'nyengo yozizira, koma ake ndi aang'ono, ndipo a mtundu wa balearica ndi ong'ambikang'ambika, amada ngati mkuwa kukazizira. Amakula mamita 3 mpaka 4. 'Freckles', amene Raymond Evison wa ku Guernsey anamutulutsa mu 1989, amayamba mu Novembala mpaka Febuluwale. Kunja duwa lake ndi la kirimu, mkati muli timadontho tofiira tambirimbiri ngati dzira la mbalame. Poti limalendewera, kukongola kwake mumakuona mukaima pansi pake, ndiye malo ake ndi pamwamba pa chitseko kapena pa kakhonde kolowera. 'Wisley Cream' ndi 'Jingle Bells' alibe madontho.

Ndisakunamizeni, cirrhosa sadzakuta nyumba ndi maluwa. Amatsegula ochepaochepa, ndipo kukazizira kwambiri amaima kaye. Koma amene mwakhala kuno mukudziwa mmene Disembala amalemerera, kuchoka panyumba kuli mdima, kubwerako 4 koloko kwada kale, gadeni yonse ili gwaa ngati yafa. Kufika pakhomo n'kupeza timabelu tili lendee pamwamba pa chitseko, tsiku lofunda njuchi zikuluzikulu zija zikulowamo, kwa ine ndi chinthu chachikulu kuposa milungu inayi ya montana mu Meyi, pamene maluwa ali paliponse.

Chenjezo limodzi pa iyeyu. Kwawo nyengo yotentha ndi yopanda mvula, ndiye anazolowera kugona nthawi imeneyo. Mu Julayi kukatentha masamba amachita chikasu, ena amayoyoka, ndipo mungaganize kuti wafa. Musamuzule, ndipo musamuthire madzi tsiku ndi tsiku pofuna kumudzutsa, chifukwa madziwo ndi amene angamuphe. Kukayamba kuzizira mu Sepitembala amaphukanso yekha. Kuzizira kwa mu Disembala 2022, kumene kunabwera mwadzidzidzi Novembala atakhala wofunda, kunamuwotcha wanga mbali imodzi, koma poti anatsamira njerwa za kummwera, tsinde linapulumuka.

Amene sanapulumuke chaka chimenecho ndi 'Avalanche'. Uyu ndi wa gulu lochokera ku mitundu ya ku New Zealand, pamodzi ndi 'Joe' ndi 'Early Sensation'. Mu Epulo amadzaza mashelefu a ogulitsa, ali mbuu ndi maluwa oyera, masamba ake ngati a karoti, ndipo n'kovuta kuwadutsa. Sakwera bwino okha, amafuna kumangidwa, ndipo kuzizira sapirira. Ngati muli ndi khonde la magalasi kapena malo owalowetsa m'nyengo yozizira, mukhoza kuwasunga mumphika. Panja kuno kumpoto, ayi.

Pali chisokonezo china chimene chapha mbande zambiri. Pashelefu yomweyo mudzapeza clematis wa maluwa aakulu ngati sosala, monga 'Nelly Moser', wa ku France wa mu 1897, ndi 'The President'. Nawonso amalembedwa kuti ndi ofulumira chifukwa amatsegula kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, koma ndi a Group 2 ndipo malamulo awo ndi ena. Iwowa amagwidwa ndi matenda a nkhungu amene amafotetsa nthambi yonse m'masiku awiri, ndiye amabzalidwa mozama, masentimita 5 mpaka 8 kupitirira mmene analili mumphika, kuti akafota aphukire pansi. Langizo limeneli lafala mpaka aliyense amangoti clematis amabzalidwa mozama. Kwa alpina, macropetala, armandii ndi cirrhosa ndi langizo lolakwika. Matenda aja sawavutitsa kwenikweni, koma kukwirira khosi lawo m'dothi lonyowa kumawaoletsa. Abzaleni pa mlingo womwe analili mumphika.

Ambiri a ife tili pa lendi, ndipo sitidziwa ngati chaka chamawa tidzakhala pomwepo. Apanso alpina ndi macropetala akupambana, chifukwa amakhala zaka zambiri mumphika panja osadandaula. Mphika ukhale wosachepera masentimita 45 kuya ndi kutambalala komwe, wa zibowo zokwanira pansi, ndipo muukhazike pa tinjerwa kuti madzi azituluka. Dothi logula lotchedwa John Innes No. 3 losakaniza ndi timiyala limagwira bwino kuposa kompositi wopepuka wa m'matumba, amene amauma msanga ndi kutha mphamvu. Nsungwi zitatu kapena zinayi zomangidwa pamwamba zimakwanira kuti akwere, ndiye simuboola khoma la eni nyumba. Posamuka mumangonyamula. Montana ndi armandii mumphika amakula zaka ziwiri kenako amayamba kuvutika, ndipo kuwabzala pansi panyumba ya lendi ndi kusiyira wobwera pambuyo panu ntchito imene sanaipemphe.

Pobzala pansi, musagundike kukhoma. Patsinde pa khoma mvula sifika bwino ndipo njerwa zimamwa chinyezi. Talikirani masentimita 30 mpaka 45, mupendeketse mbande ndi kansungwi kulozera ku waya. Nthawi yabwino ndi Sepitembala ndi Okutobala dothi likadali lofunda, kapena Malichi ndi Epulo. Armandii ndi cirrhosa ndi bwino kuwabzala chisanu chitatha kuti apeze miyezi yokhazikika. Mizu imakonda kozizirira. Ena amayala mapale kapena matailosi patsinde, koma ine ndinasiya chifukwa pansi pake ndi pamene nkhono zimabisala, makamaka zopanda chigoba zija, ndipo usiku zimapala khungwa la nthambi zanthete mpaka kuyera. Ndi bwino kuyala manyowa osagunda tsinde, kapena kubzala timbewu tatifupi patsogolo pake. Chaka choyamba chonse thirirani kukauma, ndowa yathunthu kamodzi pa sabata osati kakapu tsiku lililonse.

Chimene ambiri amachiopa koma chimathandiza ndi ichi: chaka choyamba maluwa akangotha, dulani nthambi zonse kusiya masentimita 30 kuchokera pansi, pamwamba pa mphukira zamoyo. Mtima umawawa, koma mukapanda kutero mudzakhala ndi kachingwe kamodzi kokwera mpaka pamwamba, maluwa onse kumwamba, pansi mbee. Mukadula amaphuka nthambi zambiri kuchokera patsinde. Clematis safulumira kukhazikika. Zaka ziwiri zoyamba amakhala akumanga mizu, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Podulira valani magolovesi, chifukwa utomoni wake umayabwa pakhungu, ndipo musalole ana aang'ono kapena galu kutafuna masamba ake.

Pogula, timbande totchipa ta m'masitolo a zakudya, ta m'timiphika tokwana m'dzanja, si toipa, koma ndi makanda. Mukatiika pansi nthawi yomweyo nkhono zimatimaliza. Tisamutsireni mumphika wokulirapo, tikhale momwemo mpaka mizu itadzaza, kenako mubzale. Wa mumphika wa malita 2 kapena 3 ndi wokhwima kale ndipo mukhoza kumubzala tsiku lomwelo. Musasankhe wamtali kwambiri. Yang'anani pansi, musankhe wa nthambi zitatu kapena zinayi zochokera m'dothi. Kachizindikiro ka chikho kolembedwa AGM pa kakhadi kakusonyeza kuti Royal Horticultural Society inamuyesa n'kumupeza wodalirika, ndipo 'Frances Rivis', 'Markham's Pink', 'Freckles' ndi 'Apple Blossom' onse ali nako. Kwa alpina ndi macropetala, ngati mtundu wa duwa mukuufunitsitsa, pitani mu Epulo mukagule ali ndi maluwa kale. Makadi amasokonezeka m'mashelefu, ndipo buluu wosindikizidwa pa kakhadi nthawi zambiri amakhala wowala kuposa amene adzatseguke pampanda panu.